Si a Zuze Amene Anayatsa Moto Uja

Kalata yoyamba ndinaipereka kwa akulu a mpingo wathu ku Nsadzo Lachiwiri lotsatira Pasaka, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndinailemba kawiri, ina n'kusunga, monga ndimachitira ndi pepala lililonse lotuluka m'manja mwanga. Yachiwiri ndinapereka chaka chomwecho chimanga chitalowa m'nkhokwe. Yachitatu ndinapalasa nayo njinga ndekha mpaka ku Chifunde, kwa akuluakulu a mpingo, ndipo amene anailandira anaika dzina lake ndi chidindo pa inzake imene ndinatsala nayo. Yachinayi ndi yachisanu zilinso m'bokosi langa lachitsulo. Yankho lolembedwa sindinalandirepo ngakhale limodzi. Chimene ndimalandira ndi mawu a panjira: "A Kandido, nkhani ija tikuiona." Zaka zisanu ndi ziwiri akuionabe.

Nkhani yake ndi ya mzere umodzi wa m'buku lakale la mpingo, wolembedwa ndi lapisi nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu. Mzerewo ukuti: "Zuze, wodulidwa. Anayatsa moto umene unaitana adani. Waikidwa popanda pemphero." Kudulidwa anali wodulidwadi, ndipo pemphero silinachitikedi. Koma moto uja ndinayatsa ndine. Popeza akulu sakuyankha makalata, ndalemba pano kuti aliyense wodziwa kuwerenga amve mmene zinayendera.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Apwitikizi anali atayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yotchingidwa ndi waya, imene ankaitcha alidiyamento, kuti tisamadyetse ankhondo a ufulu. Mabanja angapo a m'mudzi mwathu anakana. Tinalowa m'mapiri n'kumanga misasa ndi tinkhokwe pansi pa mitengo ya misuku, poti ndege sikanationa. Moyo wa kumeneko unali ndi malamulo ake. Atambala onse anaphedwa kuti asalire. Mtondo unkaikidwa m'dzenje kuti kusinja kusamveke patali. Chovala choyera sichinkayanikidwa poyera. Lamulo lalikulu koposa linali la moto: amayi ankaphika kusanache, ndipo dzuwa likamatuluka moto wonse unkakwiriridwa ndi dothi. Mtsogoleri wa ankhondo a m'dera lathu, mnyamata woonda wolankhula motsitsa amene tinkangomutcha kamarada komandanti, anatiuza poyera kuti utsi wa masana ndi uthenga wopita kwa mdani, ndipo woutumiza, wamkulu kaya mwana, chilango chake n'chimodzi. Sanatchule chilangocho. Tonse tinkachidziwa.

M'busa tinalibe. Mapemphero ankatsogolera a Simiyoni, mkulu wa mpingo, munthu wowongoka ndi woopa Mulungu, amene ankayenda ndi buku la mpingo atalikulunga m'chikopa cha mbuzi. Lamulungu tinkakhala pansi pa thanthwe n'kumaimba nyimbo mong'ung'udza, milomo ili yotseka.

Pakati pathu panali munthu mmodzi amene palibe ankafuna kukhala naye mphasa imodzi. A Zuze anagwirapo ntchito ya usipayi, upolisi wa atsamunda, kugwira anthu a chibalo, ntchito ija yokakamiza, m'malo mwa boma la Apwitikizi. Dzanja lawo ndi limene linkagwira mbalamatodya, thabwa lija lamabowo lomenyera anthu m'zikhatho. Atate anga, a Filipo, zala zawo ziwiri zakumanja sizinkapindika mpaka imfa yawo, ndipo amene anazithyola ndi a Zuze. Ntchitoyo anachotsedwa chifukwa cha mowa, nabwerera kumudzi opanda mkazi, opanda bwenzi. Ankatcheza kachasu wa masau, wambiri n'kumwa okha. Mpingo unawadula kalekale, ndiye kuti sankaloledwa kumgonero kapena kukhala pakati pa Akhristu anzawo. Sindikuwayeretsa ayi. Mbiri yawo inali yoipa, ndipo anaiumba okha ndi manja awo.

Komabe Lamulungu lililonse ankabwera n'kukhala pamwala wina chapatali, pamene mawu a a Simiyoni ankangofika pang'ono. Ife ana tinkawaseka monong'ona kuti, "Sipayi wabwera kudzagwira Mulungu, apite naye ku chibalo." Iwo ankangoyang'ana pansi, chipewa chili pabondo.

Mwezi wa Agosito ndiwo zinasowa. Nkhuku zinali zitatha, ndipo masamba ouma tinatopa nawo. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti udzu ukauma mbewa zimakhala zitanona, ndipo kuti uone mauna ake uyenera kuyamba watentha udzuwo. Manja anga anaphunzira zimenezi kale ndisanamve za lamulo la nkhondo. Kudambo la kumunsi kwa misasa yathu ndinaona tinjira ta mbewa tambirimbiri, ndipo kwa masiku atatu ndinkangolota kapuku wowamba pa mpani. Ndinadziuza kuti nditentha kamalo kakang'ono, kofanana ndi mphasa imodzi, nthambi yaiwisi ili m'manja, ndipo utsi wake sungapitirire mitengo. M'mawa wina, amayi asanakwirire moto, ndinabisa khala m'chitsononkho n'kutsetsereka nalo kudambo pamodzi ndi kakhasu kanga.

Udzu unagwira msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Kenaka kunabwera mphepo ija ya mwezi umenewo, imene imaomba ngati yakwiya, ndipo moto unadumpha kamalo kanga n'kulowa m'tsekera. Ndinamenya ndi nthambi mpaka masamba onse anapsa. Nditasowa chochita ndinayamba kumenya ndi manja, ndipo chikhatho changa chakumanzere chinapsa osamva n'kuwawa komwe. Potembenuka ndinaona a Zuze, amene ankachokera kotola masau. Anataya dengu lawo n'kuyamba kumenya moto ndi thumba. Tinalimbana nawo awiri, koma unatiposa. Utsi unakwera wakuda, wonenepa, woti munthu wa ku Kasakatiza akanauloza ndi chala.

A Zuze anayang'ana chitsononkho chimene chinali pansi, anayang'ana kakhasu kanga, kenaka anandiyang'ana ine.

"Thawa," anatero. "Udzere mumtsinje. Usapite molunjika kwanu."

Dzuwa litapendeka kunabwera kandege kakang'ono. Kanazungulira kawiri pamwamba pa dambo n'kubwerera. Akuluakulu anadziwa tanthauzo lake, ndipo tinayamba kusamutsira ana ndi katundu kumapanga. Koma chimanga cha chaka chonse sichisamuka tsiku limodzi. M'mawa mwake tinamva kugunda kwa elikopitero, ndege ija yotera paliponse. Asilikali anatentha misasa yonse ndi nkhokwe zonse. Amayi Rozina, akazi a a Simiyoni, anali atabwerera mbandakucha kukatenga chikwatu cha mbewu ya mtedza chimene anaiwala padenga, ndipo mwendo wawo unali wotupa. Tinawapeza madzulo. Mmene tinawapezera sindilemba.

Amayi anga anaona dzanja langa tsiku lomwelo la moto. Sanandifunse kanthu. Ananditsuka miyendo ndi mchenga mpaka khungu kuwawa, anamanga chikhathocho ndi kansalu, n'kundiuza kuti ndisamachoke pambali pawo.

Tsiku lachitatu kamarada komandanti anafika ndi anyamata ake, mfuti zili paphewa. Anatisonkhanitsa tonse m'khwawa dzuwa likukwera. Fungo la chimanga chopserera linali lidakali m'mphepo, ndipo a Simiyoni anakhala paokha, maso ali ofiira.

"Moto suyaka wokha," anatero komandanti, motsitsa monga mwa chizolowezi chake. "Wina mwa inu anauyatsa. Mayi wafa, chakudya chatha. Pano sitichoka."

Kunkangomveka ntchentche ndi kamwana kena koyamwa. Ndiye anatiimika pamzere n'kuyamba kuyenda, akuyang'ana manja a munthu aliyense, kutsogolo ndi kumbuyo. Sankafulumira. Ndinkamva nsapato zake zikuphwanya masamba ouma, zikuyandikira. Atafika pa ine anaima, anagwira kansalu kaja n'kukamasula pang'onopang'ono. Thuza linali litaphulika, ndipo chikhatho chinali chofiira ngati nyama yaiwisi.

"Wapsa liti?"

"Pothawa asilikali, kamarada," amayi anayankha msanga.

"Sindikufunsa inu, mayi." Sanawayang'ane n'komwe. "Munthu wothawa amapsa kumapazi. Uyu wapsa m'chikhatho. Mwana iwe, ndiyang'ane. Unkagwira chiyani?"

Mkodzo unatsika m'miyendo mwanga wotentha. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mukanatuluka choona kapena bodza.

"Kamarada komandanti, musiyeni mwanayo, taonani wadzinyowetsa." Mawuwo anachokera kumapeto kwa mzere, kumene a Zuze anaima okha, anthu atawatalikira. "Anapsa pondithandiza kuzima. Moto ndi wanga."

Komandanti anasiya dzanja langa.

"Wanu bwanji?"

"Ndimatcheza kachasu kudambo. Ndinalawa mopitiriza, tulo tinandiba, moto n'kuyenda."

"Masana? Lamulo simulidziwa?"

"Ine ndimalidziwa, kamarada. Mmero wangawu ndi umene sulidziwa."

Wina anafuula kuti, "Sipayi! Anaitana dala mabwana ake!" Pomwepo khwawa lonse linadzuka. Amayi ena ankatukwana, amuna ankatola miyala, ndipo anyamata a mfuti anachita kuwatchinga. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti palibe ngakhale mmodzi anati tiyeni tikaone kudambo ngati kuli mbiya ya kachasuyo. Kukanapezeka kakhasu ka mwana. Koma mlanduwo unawakwana a Zuze ngati malaya awo, ndipo aliyense anapumira m'mwamba kuti wolakwa ndi munthu amene ankadana naye kale.

Komandanti anatembenukiranso kwa ine.

"Akunena zoona bambowa?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Moto ndinayatsa chifukwa cha njala ndi umbuli wa chibwana. Koma mutu uja ndinagwedeza ndikudziwa bwino chimene ndikuchita.

Anawamangirira kumtengo wa muwanga, manja kumbuyo, kudikira kuti dzuwa lipendeke, chifukwa masana ankhondo sankayenda poopa ndege. Kunatentha. Patapita nthawi a Zuze anapempha madzi. Palibe anasuntha. Anapemphanso. Ndiye amayi anatunga madzi m'chikho n'kundipatsa kudzanja langa labwino.

"Madzi athu apite kwa galu ameneyo?" anatero atate.

"Madziwa ndatunga ndine," amayi anayankha. "Pita, Kandido."

Mlonda anali mnyamata wamng'ono, ndipo anangondikodola kuti ndidutse, iye n'kukakhala pamthunzi chapatali. Ndinawagwirira chikho pakamwa. Milomo yawo inali yong'ambika, ndipo thukuta lawo linkanunkha kachasu.

"A Zuze," ndinanong'ona, "ndikukanena."

"Ukanene chiyani? Ukanena, iwe akupha chifukwa cha moto, ine andipha chifukwa cha bodza. Maenje awiri, anthu atopa kale ndi njala. Tsitsa chikhocho, ukundithira m'mphuno."

"Nanga mwachitiranji zimenezi?"

"Ndinaona mwana atadzikodzera. Basi." Anameza madzi ena. "Usaganize kuti ndikubweza zala za atate ako. Zimene ndinachita ine sizibwezeka, ngakhale andiphe kasanu."

Ndinayamba kulira, ndipo anandidzudzula ndi maso kuti mlonda angaone.

"Tamvera, mwana wa a Filipo. Pamwala paja ndakhalapo zaka zambiri. Zochuluka zimene a Simiyoni amalalikira zimapita ndi mphepo zisanandifike, koma chimodzi ndidachigwira. Akuti Yesu adafera anthu asanasinthe, akadali m'matope mwawo. Sadati yambani mwasamba. Ndakhala ndikuchitembenuza uku ndi uku, kufuna pamene adati kupatula sipayi. Sindidapapeze. Ndiye sindikuopa kwambiri." Anakhala ngati aseka. "Pang'ono pokha."

Mlonda anadzuka n'kuyamba kubwera.

"Iwenso Yesu adakuona kudambo kuja, ndipo lero wakuona ukugwedeza mutu. Sadakutaye. Ukadzakula zidzakuwawa. Zikadzakuwawa usadzathawire ku mowa ngati ine, kulibe kanthu kumeneko, ndafufuzako mokwanira. Pita."

Dzuwa litapendeka anawamasula n'kutsetsereka nawo kutsidya kwa mtsinje. Kulira kwa mfuti sitinakumve. Zipolopolo ankazisunga. Patapita kanthawi mnyamata mmodzi anabwera kudzanena kuti amuna anayi apite ndi makasu.

Amayi anapita kwa a Simiyoni n'kugwada.

"Abambo, ngakhale pemphero lalifupi?"

"Mkazi wanga ndamuika dzulo," anatero a Simiyoni. "Uyu wafa ali kunja kwa mpingo. Lamulo mukulidziwa, Nabanda."

Sindiwaimba mlandu a Simiyoni. Ankakhulupirira kuti munthuyo wawaphera mkazi, ndipo amene akanawauza zoona anali ine. Ndinatsatira amuna aja chapatali n'kuona pamene anakumba, pafupi ndi chulu, pakati pa miyala iwiri yong'ambika. Anakwirira mofulumira osanena mawu, n'kumwazapo masamba. Pobwerera ndinapeza a Simiyoni atamasula chikopa cha mbuzi, akulemba mzere uja pabondo.

Nkhondo inatha. Ndinakula, ndinakwatira, ndinasankhidwa kukhala mkulu, kenaka mlembi wa mpingo. Buku lomwelo linabwera m'manja mwanga, ndipo ndinalisunga zaka zambiri osalola chiswe kapena mvula kulikhudza. Tsamba limenelo ndinkalidumpha. Ine mwini ndinalembamo maina a anthu odulidwa, ndi zilembo zooneka bwino, ndipo anthu ankanditama kuti a Kandido salakwitsa lamulo. A Simiyoni anamwalira ndisanawauze. Atate anamwalira akutchulabe a Zuze kuti galu. Amayi okha ndi amene ankadziwa, ndipo sitinakambiranepo ngakhale kamodzi.

Chimene chinanditsegula pakamwa ndi maliro a mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene anafa ndi mowa ali pa chilango cha mpingo. Ine ndi amene ndinatumidwa kukauza abale ake kuti mpingo sudzaimba. Ndinanena bwinobwino, mwaulemu, monga mwa dongosolo. Mayi ake anangondiyang'ana. Ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba, ndinatsegula tsamba lija, ndipo sabata yotsatira ndinaima pamaso pa akulu anzanga n'kufotokoza zonse zimene ndalemba panozi.

Mayankho awo ndinawalemba tsiku lomwelo kuti ndisadzawaonjezere kanthu. Mmodzi anati, "Munali mwana, palibe mlandu, musadzivutitse." Wina anati zakale n'zakale, tisadzutse mitima ya zidzukulu za a Simiyoni. Wachitatu, amene nthawi ya nkhondo anali asanabadwe, anati, "Koma a Kandido, ngakhale zili choncho, munthuyo anafa ndi bodza pakamwa, komanso sanabwere kudzalapa pamaso pa mpingo." Ndinamufunsa kuti munthu womangidwa kumtengo akanabwera bwanji, ndiponso kuti bodza limenelo likanapanda kunenedwa, akanakhala akulankhula ndi yani tsiku limenelo. Akuluwo anangoti nkhaniyo aiona.

Zimene ndikudziwa tsopano n'zochepa, koma ndazilipira ndi moyo wonse. Ine ndinkaganiza kuti Mulungu amakonda munthu akamaliza kudzikonza, ndipo n'chifukwa chake ndinadzipanga wowongoka ngati nsungwi, kuti mwina tsiku lina ndidzayenere. Sindinayenere. Chikondi chake chinandipeza nditadzikodzera pamzere, mayi wosalakwa atafa chifukwa cha ine, ndisanalape ndi liwu limodzi lomwe. Ndipo sichinadzere mwa mkulu wa mpingo kapena mwa m'busa. Chinadzera pakamwa ponunkha kachasu, mwa munthu amene tonse tinagwirizana kuti Mulungu anathana naye. Munthu ameneyo, atakhala pamwala kunja kwa msonkhano, anamva uthenga umene ife okhala mkati tinkangouimba. Sindikuti chilango cha mpingo chithe. Chili ndi ntchito yake, ndipo ndachigwiritsa ntchito ine mwini. Koma ife tingathe kumuletsa munthu mgonero. Kumuletsa Mulungu kumukonda sitingathe, ndipo tisamalembe m'buku ngati tinatha.

Choncho, kwa abusa ndi akulu a mpingo, ndikubwereza pempho langa kachisanu ndi chimodzi, tsopano pamaso pa anthu. Mzere wa a Simiyoni usafufutidwe, chifukwa analemba zimene ankakhulupirira. Koma pansi pake palembedwe ndi inki kuti moto anayatsa ndi Kandido mwana wa Filipo, ndi kuti Zuze anasenza mlanduwo kuti mwanayo akhale ndi moyo. Mawu amenewa awerengedwe Lamulungu pamaso pa mpingo wonse, zidzukulu za a Simiyoni zilipo, ine nditaimirira. Ngati mukuona kuti kukhala chete kwanga kwa zaka zonsezi n'koyenera chilango, ndiduleni, ndikakhala kumbuyo osadandaula. Ndipo mpingo upite kumapiri kuja ukapemphere ndi kuimba pamanda a a Zuze, mokweza, pakamwa potsegula.

Ndikupempha kuti yankho lanu likhale lolembedwa, lokhala ndi dzina ndi chidindo, ndipo lindipeze mgonero ukubwerawu usanachitike. Ngati mukukana, lembani chifukwa chake. Musachedwenso. Mawondo anga ayamba kukana mapiri, ndipo amuna anayi amene anakumba dzenje lija onse anapita. Wodziwa pamene pali mandawo ndatsala ndekha.

Ine wanu mwa Ambuye,
Kandido, mlembi wopuma